Mauritius: dziko lomwe aliyense ndi wobwera

Lero tikambirane za Mauritius. Pa mapu a Africa omwe timapachika m'kalasi dzikoli limangooneka ngati kadontho ka inki kum'mawa kwa Madagascar, ndipo ambirife timalikumbukira pokhapokha tikamaloweza mayiko a m'bungwe la SADC, momwe lidalowa mu 1995. Komatu kadonthoka kali ndi mbiri yotikhudza. Zaka 400 zapitazo pachilumbachi padalibe munthu ndi mmodzi yemwe. Onse omwe ali kumeneko lero makolo awo adachita kubwera: ena ndi mfuti, ena m'maunyolo, ena ndi kapepala ka kontirakiti m'manja. Funso langa ndi lakuti, anthu oterewa, osiyana khungu, chipembedzo ndi chilankhulo, adatani kuti akhale dziko limodzi losinthana boma mwamtendere? Nanga ndani adatsala kunja?

Malo ake

Dziko la Mauritius lili m'nyanja yamchere ya India, makilomita pafupifupi 2,000 kuchokera ku gombe la Africa, ndiponso pafupifupi 900 kum'mawa kwa Madagascar. Chilumba chachikulu ndi makilomita 65 m'litali ndi 45 m'lifupi. Mukaphatikiza tizilumba tina monga Rodrigues, Agalega ndi St Brandon, dziko lonse limakwana masikweya kilomita 2,040, pafupifupi kukula kwa boma la Mulanje. Pamalo ochepa chonchi pakukhala anthu oposa 1.2 miliyoni. Likulu lake ndi Port Louis, mzinda wa padoko kumpoto chakumadzulo.

Chilumbachi chidatumphuka m'nyanja chifukwa cha mapiri ophulika zaka pafupifupi 8 miliyoni zapitazo. N'chifukwa chake minda yake ndi ya miyala yakuda, yomwe olima adaitola n'kuiunjika milumilu pakati pa nzimbe. M'mphepete mwa nyanja ndi motsika komanso motentha, pomwe pakati ndi pokwera, pozizirira ndi pa mvula yambiri, makamaka ku Curepipe. Phiri lalitali koposa, Piton de la Petite Rivière Noire, ndi mamita 828 okha, pamene Sapitwa wathu ndi 3,002. Pafupifupi kuzungulira chilumba chonse kuli mpanda wa miyala ya pansi pa madzi womwe umathyola mafunde, n'kusiya madzi abata ndi mchenga woyera zomwe zimakopa alendo. Pansi pa nthaka palibe golide, mafuta kapena malasha. Chomwe sichisowa ndi namondwe, pakati pa Novembala ndi Epulo. Namondwe Carol wa mu Febuluwale 1960 adapha anthu 42 n'kusiya zikwizikwi opanda pogona. Freddy, yemwe adatiliza ife mu Malichi 2023, adali atadutsa kumpoto kwa Mauritius mwezi wa Febuluwale.

Obwera oyamba

Amalinyero achiarabu ndi achipwitikizi ankachidziwa chilumbachi koma sadakhazikikepo. Adatchi ndiwo adachipatsa dzina mu 1598, polemekeza mtsogoleri wawo Maurice wa ku Nassau, ndipo adayamba kukhalapo mu 1638. Adadula mitengo ya phingo, adabweretsa nzimbe ndi agwape kuchokera ku Java. Nkhumba, makoswe ndi apusi zobwera pa zombo zidadya mazira a mbalame ya dodo, yomwe sinkauluka komanso sinkadziwa kuopa munthu, ndipo zaka za m'ma 1600 zisanathe mbalameyi idali itatha psiti. Adatchiwo, atatopa ndi namondwe, makoswe ndi njala, adachoka mu 1710.

Afalansa adatenga chilumbachi mu 1715 n'kuchitcha Isle de France. Bwanamkubwa Mahé de La Bourdonnais, yemwe adafika mu 1735, adamanga doko la Port Louis, misewu, chipatala ndi fakitale ya shuga. Tikamati "adamanga" tizikumbukira kuti ogwira khasu ndi osenza miyala adali akapolo. Ambiri adachokera ku Madagascar ndi ku madoko a chilumba cha Mozambique, Quelimane ndi Kilwa. Atsamunda ankangowatchula onse ochokera kumtunda kuno kuti "Mozambique", koma mwa iwo mudali Amakua, Ayao, Asena ndi Amaravi. Mu 1846 Mfalansa wina, Eugène de Froberville, adacheza ndi anthu omwe kale adali akapolo pachilumbachi n'kulemba mawu a zilankhulo zawo, ndipo Ayao ndi Amaravi adali m'gululo. Kunena kwina, ena mwa anthu akuda a ku Mauritius lero ndi zidzukulu za anthu omwe adagwidwa kwathu konkuno n'kuwayendetsa pansi mpaka kugombe, zaka zambiri Jumbe asanafike ku Nkhotakota.

Anthu amenewa sankamvana chilankhulo. Pofuna kumvana okhaokha komanso kumva mabwana awo, adaumba chilankhulo chatsopano pa mawu a Chifalansa, chomwe lero amachitcha Kreol. Gule wa sega, wovinira ng'oma ya chikopa cha mbuzi, adabadwanso m'misasa ya akapolo momwemo.

Angerezi, shuga ndi Amwenye

Angerezi adalanda chilumbachi mu Disembala 1810, pa nthawi ya nkhondo za Napoleon, n'kubwezeretsa dzina la Mauritius. Adalonjeza Afalansa okhala kumeneko kuti sawalanda minda, chipembedzo ndi malamulo awo, ndipo lonjezolo adalisungadi. N'chifukwa chake mpaka lero Nyumba ya Malamulo imayendera Chingerezi, manyuzipepala ambiri ndi a Chifalansa, pamene kunyumba ndi kumsika ndi Kreol.

Mu 1825 boma la Britain lidatsitsa msonkho wa shuga wa ku Mauritius kuti ufanane ndi wa ku West Indies. Nkhalango zidagwetsedwa, chilumba n'kusanduka ngati munda umodzi wa nzimbe. Ukapolo udathetsedwa pa 1 Febuluwale 1835, akapolo alipo oposa 66,000. Chipukuta misozi cha mapaundi oposa 2 miliyoni chidaperekedwa, koma kwa eni akapolo. Omasulidwawo sadalandire kobiri kapena kachigawo ka munda, ndipo adakakamizidwa kugwirabe ntchito kwa mabwana omwewo mpaka 1839. Nthawiyo itakwana, ambiri adachoka m'maesiteti n'kukakhala asodzi ndi amisiri. Phiri la Le Morne, komwe akapolo othawa ankabisala, lero ndi malo a chikumbutso omwe bungwe la UNESCO lidawazindikira mu 2008.

Eni minda adatembenukira ku India. Pa 2 Novembala 1834 chombo cha Atlas chidafika ndi anthu 36 a kontirakiti, ndipo pofika 1910 adali atabwera pafupifupi 450,000, ochokera ku Bihar, kumwera kwa India ndi madera a Bombay. Ambiri adadutsira pa depoti yomwe lero imatchedwa Aapravasi Ghat ku Port Louis. Malipiro a mwamuna poyamba adali marupi 5 pamwezi, ndipo ukajomba tsiku limodzi ankakudula malipiro a masiku awiri. Inu omwe mudaphunzira za thangata m'maesiteti a ku Thyolo ndi Chiradzulu simungadabwe nazo zimenezi. Pofika 1871 anthu awiri mwa atatu alionse pachilumbachi adali Amwenye. Amalonda ochokera ku China nawo adabwera n'kutsegula timagolosale m'midzi.

Kuyambira m'ma 1870, shuga atatsika mtengo, eni maesiteti adayamba kudula minda yosachita bwino n'kumagulitsa tizigawo. Amwenye omwe ankasunga kobiri ndi kobiri adagula, ndipo pofika m'ma 1920 adali ndi gawo loposa limodzi mwa magawo atatu a minda ya nzimbe. Zidzukulu zambiri za akapolo mwayi umenewu udazipitirira. Kusiyana kumeneku mukusunge m'mutu, tikumana nako kutsogoloku.

Voti idadzera m'kalasi

Mpaka m'ma 1940 ovota adali eni chuma okha, anthu pafupifupi 12,000. Chipani cha Labour, chomwe Dr Maurice Curé adayambitsa mu 1936, chidagwirizanitsa ogwira ntchito padoko, omwe ambiri adali akuda, ndi olima nzimbe achimwenye. Pa sitiraka za 1937 ndi 1943 anthu adaomberedwa. Mmodzi mwa ophedwa ku Belle Vue Harel mu 1943 adali mayi woyembekezera, Anjalay Coopen.

Malamulo atsopano a 1947 adati munthu wamkulu aliyense, mwamuna kapena mkazi, wotha kuwerenga ndi kulemba chiganizo chosavuta m'chimodzi mwa zilankhulo za pachilumbachi akhoza kuvota. Apa, aphunzitsi anzanga, ndi pomwe choko chidagwira ntchito ya ndale. Basdeo Bissoondoyal ndi omutsatira adali atayamba kale kuyendayenda m'midzi kutsegula masukulu a madzulo, kuphunzitsa alimi kuwerenga ndi kulemba Chihindi. Pa chisankho cha 1948 olembetsa kuvota adapitirira 70,000, ndipo ulamuliro wa eni maesiteti m'Nyumba ya Malamulo udayamba kugwedera. Mu 1959 wamkulu aliyense adaloledwa kuvota, wodziwa kulemba ndi wosadziwa yemwe.

Akatswiri ankati sizitheka

Ufulu utayandikira, odziwa zinthu sadaone tsogolo labwino. Malungo atagonjetsedwa ndi mankhwala opopera udzudzu chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940, imfa zidachepa ndipo chiwerengero cha anthu chinkakwera ndi pafupifupi 3 pa 100 alionse pachaka. Shuga yekha ankabweretsa ndalama zoposa 90 pa 100 zilizonse za malonda akunja. Mu 1961 katswiri wa zachuma James Meade, yemwe pambuyo pake adalandira mphotho ya Nobel, adachenjeza kuti anthu akuchulukitsa, ntchito palibe, ndipo mitundu ikhoza kuukirana.

Mantha adalipodi. Akhristu ambiri, akuda ndi azungu omwe, ankaopa kulamulidwa ndi Ahindu. Pa chisankho cha pa 7 Ogasiti 1967, ovota 44 pa 100 alionse adasankha chipani cha PMSD cha Gaëtan Duval, chomwe chinkafuna kuti dzikoli likhalebe pansi pa phiko la Britain. Mu Januwale 1968 magulu a Akhristu akuda ndi a Asilamu adamenyana ku Port Louis, anthu oposa 20 adafa, ndipo asilikali a Britain adachita kubwera kudzaleretsa. Mbendera ya ufulu idakwera pa 12 Malichi 1968 mitima isanazizire.

Boma lomwe adamanga

Nduna yaikulu yoyamba, Sir Seewoosagur Ramgoolam, adali dokotala, mwana wa munthu wa kontirakiti wochokera ku Bihar. Mu 1969 adachita zomwe ambiri sadayembekeze: adaitana Duval, mdani wake wa dzulodzulo, kuti alowe m'boma. Maesiteti a azungu sadawalande, koma adawakhometsa msonkho pa shuga wotumiza kunja, ndipo boma lidapitiriza kulipirira zipatala, sukulu ndi penshoni ya okalamba. Dzikoli silidakhazikitse gulu lankhondo. Chitetezo chili m'manja mwa apolisi, ndipo kulanda boma ndi mfuti sikudachitikepo.

Kavotedwe kake n'kofunika kukamvetsa. Chilumba chachikulu chili ndi madera 20. Dera lililonse limasankha aphungu atatu, ndipo wovota aliyense amachonga mayina atatu. Rodrigues imasankha awiri. Pamwamba pa aphungu 62 amenewa pali mipando ina yosapitirira 8, yomwe imaperekedwa kwa olephera omwe adapeza mavoti ambiri ochokera m'magulu omwe sadaimiridwe mokwanira. Malamulo oyendetsera dziko amatchula magulu anayi: Ahindu, Asilamu, ochokera ku China, ndi ena onse otsala, momwe muli akuda ndi azungu pamodzi. Ahindu ndi pafupifupi theka la anthu, Akhristu pafupifupi limodzi mwa magawo atatu, Asilamu osakwana limodzi mwa magawo asanu, ndipo Ahinduwo ndi ogawanikanso pa chilankhulo ndi mafuko. Choncho chipani chodalira mavoti a anthu akwawo okha sichingapite patali. Pafupifupi boma lililonse kuyambira 1968 lakhala la mgwirizano wa zipani, ndipo posankha oimira atatu a dera amaonetsetsa kuti asakhale a nyumba imodzi. Zoti mutu umodzi susenza denga, kumeneko ndi masamu a chisankho.

Sikuti zonse zidali myaa. Chisankho chomwe chimayenera kuchitika mu 1972 adachikankhira mu 1976. Chipani chatsopano cha MMM cha Paul Bérenger chitatsogolera sitiraka zikuluzikulu mu 1971, boma lidaletsa misonkhano n'kutsekera atsogoleri ake kundende. Mayeso enieni adadza mu 1982. Otsutsa adatenga mipando yonse 60 ya pachilumba chachikulu, Ramgoolam mwini wake adagwa m'dera lake, ndipo adatula udindo kwa Anerood Jugnauth popanda kulimbalimba. Boma latsopanolo lidasintha malamulo kuti kuchedwetsa chisankho kusadzachitikenso mwachisawawa. Kuchokera apo boma lasinthidwa ndi voti mu 1995, 2000, 2005, 2014 ndi 2024.

Dzikoli lidakhala lipabuliki mu 1992. Pulezidenti amasankhidwa ndi Nyumba ya Malamulo, koma mphamvu zenizeni zili ndi nduna yaikulu. Mu Novembala 2024, chisankho chitatsala masiku ochepa, boma la Pravind Jugnauth lidatseka Facebook ndi masamba ena a mchezo pa intaneti. Anthu atakwiya lidatsegula mawa lake, ndipo pa 10 Novembala lidagonja kotheratu: mgwirizano wa Navin Ramgoolam udatenga mipando 60 mwa 62.

Ulosi wa Meade udathera pati?

Choyamba, mabanja adayamba kulera. Bungwe la za kulera ndi bungwe la Akatolika la Action Familiale adagwira ntchito lililonse m'njira yake, ndipo m'zaka pafupifupi khumi zokha ana obadwa kwa mayi mmodzi adatsika kuchoka pa 6 kufika pa 3.

Chachiwiri, pangano la Lomé la 1975 lidapatsa Mauritius mwayi wogulitsa matani pafupifupi 500,000 a shuga pachaka ku Ulaya pa mtengo wotsimikizika. Gawo la Malawi m'pangano lomweli lidali matani pafupifupi 20,000. Apa tivomereze kuti anzathuwa adali ndi mwayi. Koma phindu la shugalo lidamanga mahotela ndi mafakitale pachilumba pomwepo. Lamulo la 1970 lidachotsa misonkho yambiri kwa mafakitale opanga katundu wotumiza kunja, amalonda a ku Hong Kong adabwera ndi makina oluka ndi osoka, ndipo pofika 1990 mafakitalewa adali atalemba ntchito anthu pafupifupi 90,000, ambiri mwa iwo amayi.

Chachitatu ndi sukulu. Ophunzira a sekondale atanyanyala n'kuguba mu Meyi 1975, boma lidathetsa fizi ya sekondale kuyambira mu 1977. Ife ya pulayimale tidathetsa mu 1994. Pamene pangano la shuga lija linkatha mu 2009, dzikoli lidali ndi anthu ophunzira okwanira kugwira ntchito m'mabanki, m'mahotela ndi m'makampani a makompyuta, moti kugwa kwa mtengo wa shuga sikudaligwetse.

Otsala kunja

Tibwerere kwa zidzukulu za akapolo zija. Popeza makolo awo sadapeze minda, ambiri adatsalira pa chuma, pa sukulu ndi pa ntchito za m'boma. M'ma 1990 ansembe ena achikatolika adayamba kudandaula za izi poyera. Mu Febuluwale 1999 woimba wotchuka Kaya adafera m'chitokosi cha apolisi ku Port Louis, ndipo zipolowe zidabuka kwa masiku angapo. Komiti ya boma yofufuza za ukapolo ndi kontirakiti, Truth and Justice Commission, idatulutsa lipoti mu 2011 losonyeza kuti zipsera za ukapolo zidakalipo. Chilankhulo cha Kreol, chomwe pafupifupi aliyense amalankhula, chidalowa m'sukulu za pulayimale ngati phunziro losankha mu 2012, zaka 44 chilandirireni ufulu.

Mipando ya olephera ija nayo ili ndi otsutsa ake, chifukwa imawerenga anthu m'magulu a chipembedzo ndi mtundu potengera kalembera wa 1972. Ndipo mwa anthu asanu omwe akhalapo nduna yaikulu, anayi ndi a mabanja awiri okha, a Ramgoolam ndi a Jugnauth, bambo ndi mwana wake uku, bambo ndi mwana wake uko. Bérenger, yemwe adalamulira kuyambira 2003 mpaka 2005, ndi yekhayo wosakhala Mhindu.

Omwe adalipira mtengo waukulu koposa ndi anthu a ku Chagos, zilumba zomwe zili makilomita oposa 2,000 kumpoto chakum'mawa. Pa zokambirana za ufulu ku London mu 1965, Britain idadula zilumbazi ku Mauritius n'kupereka mapaundi 3 miliyoni, cholinga chili choti America imange malo a asilikali pa Diego Garcia. Pakati pa 1968 ndi 1973 anthu onse a kumeneko, pakati pa 1,500 ndi 2,000, zidzukulu za akapolo a m'minda ya kokonati, adasamutsidwa n'kukasiyidwa ku Port Louis ndi ku Seychelles, ambiri opanda nyumba kapena ntchito. Khoti la dziko lonse ku The Hague lidanena mu Febuluwale 2019 kuti kudula zilumbako kudali kosatsata malamulo. Pa 22 Meyi 2025 Britain ndi Mauritius adasainirana pangano loti zilumbazi zibwerere kwa Mauritius koma Diego Garcia ibwerekedwe kwa zaka 99. Obadwira pa Diego Garcia, omwe tsopano ndi agogo, panganolo silidawatsegulire njira yokakhalanso kwawo.

Pomaliza

Ku Mauritius palibe angaime n'kunena kuti ife ndife eni nthaka, ena nonsenu ndinu alendo. Ine ndikuona kuti zimenezi, pamodzi ndi mantha a zomwe adaona mu Januwale 1968, zidawaphunzitsa atsogoleri kuti wopambana asamadye yekha ndipo wogonja azivomera. Koma kugawanako kudayambira pa omwe adali ndi munda, sukulu ndi voti, ndipo omwe adafika m'maunyolo adakali m'mbuyo pamzere.

Pempho langa kwa aphunzitsi anzanga a History ndi lakuti tikamajambula pa bolodi njira za malonda a akapolo, mzere wathu usamathere ku Kilwa ndi Zanzibar. Tiziupitiriza mpaka ku Port Louis, ana adziwe komwe ena mwa Amaravi ndi Ayao adakathera. A Social Studies, mukafika pa mutu wa chisankho, zaka za 1948 ndi 1982 zingakuthandizeni kuyambitsa mtsutso wabwino m'kalasi. Ophunzira anga akale, makamaka inu omwe mumayenda maulendo a ntchito, mukadzafika ku Mauritius mudzapatuleko tsiku limodzi mukaone Le Morne ndi Aapravasi Ghat musanapite kumchenga.